Katungwe wa Kuseri kwa Nyumba

Munthu akapeza puloti mu Lilongwe masiku ano amayamba ndi mpanda. Nyumba ikhoza kukhala zaka ili pa lintala, yopanda denga, koma khoma la njerwa limakhala litazungulira kale, geti lachitsulo lili m'malo mwake, pamwamba atazika magalasi a mabotolo osweka kapena waya waminga. Palibe angatidzudzule, pakuti akuba alipodi, ndipo galimoto ndi njinga zamoto za kabaza zimathamanga m'misewu yafumbi ya ku Area 25 ndi ku Area 49 mosalabadira kuti m'mphepete muli ana. Komatu khoma lomwelo limene limatsekera wakuba kunja limatsekeranso mwana mkati. Akuluakulufe timatuluka m'mawa, timakaona anthu kuntchito ndi kumsika, timabwerera madzulo titatopa ndi macheza. Mwana wa zaka zinayi amatsala pabwalo lothira simenti, pakati pa thanki la madzi ndi chingwe choyanikapo zovala, mpaka wina atamuyatsira wailesi yakanema kapena kumupatsa foni kuti akhale chete.

Kwathu ku Dedza, kumene ndinakulira, kunalibe munthu amene ankakonzera ana malo osewerera. Malowo analipo kale. Kudambo kunali mchenga, pachulu panali dongo loumbira ng'ombe, ndipo anthu akakolola, mapesi onse a m'munda anali athu omangira timisasa ta masanje. Atsikana ankasewera fulaye ndi phada pabwalo, ife tikuthamangitsa mpira wachikulunga kapena kukwapula nguli. Katungwe tinkamanga tokha pa nthambi ya mkuyu ndi luzi kapena ndi chingwe cha khonje, mpando wake kamtengo kopingasa. Sindikunena kuti zonse zinali bwino. Anzanga ambiri ankakodza magazi chifukwa cha likodzo la m'madzi momwe tinkasambira, matekenya ankatidya zala zakumapazi, ndipo luzi likaduka mwana ankagwera pa mizu n'kuthyoka mkono, chipatala chili kutali. Koma dziko linali lotseguka, ndipo mwana sankasowa mnzake. Ukatuluka m'nyumba, wina anali kale panja akukudikira.

Ndiye pamene ndinaganiza zokonza malo a mchenga ndi katungwe kuseri kwa nyumba yathu, ndinkadziwa kuti ndikubweza ngongole. Ine ndemwe ndinamanga khoma limene linalanda ana anga dambo ndi mkuyu, ndipo ndimafuna kuwabwezera kachigawo kake mkati mwa mpanda.

Mayi a kunyumba sanangovomera. Pamalopo panali dimba lawo la mpiru, nkhwani ndi tomato, ndipo masamba a pakhomo amapulumutsa ndalama zambiri pamwezi. "Bambo, ana asewera zaka zingati pamenepa?" anandifunsa. "Ndiwo timadya tsiku ndi tsiku." Funsoli linali lomveka. Anzanga ena anati malo otere anthu amamangapo kanyumba ka lendi. Tinagwirizana kuti dimba lisamukire m'mbali mwa khoma la kum'mawa, kumene dzuwa limafika bwino, ndipo ana atenge pansi pa mtengo wa mango, pamene masamba sankakula bwino chifukwa cha mthunzi. Malowa ali ndi ubwino wina umene mayi anauona ine ndisanauganizire: amaonekera pa zenera la kukhitchini, ndipo ali kutali ndi dzenje la zinyalala komanso pamene timayatsira mbaula.

Ntchito yoyamba inali yotopetsa kuposa zonse, ndipo ndi imene munthu wobwera lero sangaione. Dothi la pa puloti imene pamangidwa nyumba limabisa zambiri. Pogalauza ndi khasu tinatola misomali yadzimbiri, zidutswa za malata, mapisi a waya womangira zitsulo ndi magalasi a mawindo amene amisiri anakwirira atatha ntchito. Zonsezi zinali pamalo pamene mwana amayenda wopanda nsapato. Kenako tinakumba dzenje la mamita awiri mbali zonse, lakuya pafupifupi masentimita 40. Dothi la Lilongwe ndi katondo, limasunga madzi, choncho dzenje lothira mchenga popanda njira yotulukira madzi likhoza kusanduka chithaphwi mvula ya January ikafika. Pansi tinayala miyala ya kwale, pamwamba pake masaka akale a ufa kuti mchenga usalowerere m'miyala ndiponso udzu usamere, ndipo tinatsegula kangalande kopita kudimba. M'mphepete tinaika njerwa zogoneka n'kuzipaka pulasitala wokulunga bwino m'makona, kuti mwana akapunthwa asang'ambike chipumi, komanso kuti pakhale pokhala agogo akabwera kudzaonerera.

Mchenga nawo si umodzi. Amisiri omanga amasiyanitsa wa kudambo ndi wa kumtsinje. Wa kudambo ndi wosalala, koma uli ndi dothi lambiri, ukanyowa umamata zovala ndipo ukauma umalimba. Wa kumtsinje ndi woyera, madzi amadutsa msanga, koma nthawi zina umakhala wokhakhala. Tinasankha wa kumtsinje, ndipo mnyamata wa ngolo ya abulu atautsitsa pageti tinausefa wonse pa sefa ya waya, fosholo imodzi imodzi. Zimene zinkatsalira pa sefapo sindidzaziiwala: timiyala, zigoba za nkhono, zitsekerero za mabotolo, chidutswa cha lezala, phale la botolo lobiriwira lakuthwa mbali zonse. Ndinaligwira phalelo m'manja nthawi ndithu, ndikuganiza za dzanja la mwana wanga wamng'ono limene limalowa mumchenga mpaka m'chigongono osayang'ana. Titasefa tinautsuka ndi madzi mu wilibala n'kuuyanika padzuwa.

Pali china chimene chimandivuta mumtima pa mchengawu. Aliyense amene wadutsa m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe kapena Lingadzi waona maenje amene okumba mchenga asiya, magombe akugumuka, mitengo itatsala mizu pamtunda. Mzinda wonse ukumangidwa ndi mchenga umenewo, ndipo anyamata okumbawo akufuna chakudya cha tsikulo. Ngolo imodzi ya ana anga ndi yochepa poyerekeza ndi malole amene amapita kumamangidwe, koma inachokera komweko, ndipo maenje amenewo akadzaza madzi m'dzinja amakhala msampha kwa ana a m'midzi yoyandikana ndi mtsinje. N'chifukwa chake ndinatsimikiza kuti mchenga umenewu tiusamale, tisamagule wina chaka ndi chaka.

Kuusamala kwake ndi kuuvundikira. Mphaka akaona mchenga wofewa amaona chimbudzi, galu chimodzimodzi, ndipo nkhuku za aneba zikadumpha khoma zimadzapalasa momwemo. M'ndowe za amphaka ndi agalu mumakhala mazira a njoka zam'mimba, ndipo timphutsi ta mtundu wina timalowa pakhungu la mwana n'kumayenda pansi pake, kusiya mzere wofiira woyabwa kwambiri. Matekenya nawo amakonda dothi louma la mchenga, pamthunzi, pamene ziweto zimagona. Choncho madzulo alionse timaphimba ndi lona n'kupsinja ndi njerwa m'makona, ndipo Loweruka timavundukula, kupalasa ndi leki kuti dzuwa liwombe mpaka pansi. Ntchitoyi ndinawapatsa anawo. Wamkulu amakoka lona, wamng'ono amanyamula njerwa imodzi imodzi atakumbatira pachifuwa.

Bokosi la mchenga silinayambire kumudzi. Linayambira m'mizinda imene inali itamera nyumba mpaka ana kusowa popondapo dothi. Cha m'ma 1885 dokotala wina wa ku Boston, Marie Zakrzewska, anaona milu ya mchenga imene inkathiridwa m'mapaki a ku Berlin kuti ana aziseweramo, ndipo analembera anzake ku Boston kuti achite zomwezo. Mulu woyamba unathiridwa pabwalo la kachalichi m'dera la anthu osauka la North End, ndipo anthu ambiri olemba mbiri amati mabwalo osewerera ana a ku America anayambira pamenepo. Ku Amsterdam, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, katswiri wa zomangamanga Aldo van Eyck anayamba mu 1947 kukonza timabwalo ta ana pamalo pamene panagumuka nyumba ndi m'makona a misewu, ndipo pa zaka makumi atatu anakonza mazanamazana. Pakati pa ambiri mwa mabwalowo panali mchenga. Chimene chimandikhudza pa mbiriyi n'chakuti anthuwo sanathire mchenga kuseri kwa nyumba za olemera. Anauthira poyera, pamene mwana aliyense wa mumsewuwo akanafika popanda kugogoda pageti la munthu.

Ife tafika pamene iwo anali, koma njira yathu ndi ina. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka anali ana osakwana zaka 18. Dziko lathu linavomereza mu 1991 pangano la United Nations la ufulu wa ana, limene ndime yake ya 31 imanena za ufulu wopuma ndi kusewera. Koma yendani m'malokeshoni mwathu muone. Malo amene kale ana ankamenyerapo mpira lero pali maziko a nyumba, golosale kapena tchalitchi. Malo osewerera amene ali ndi akatungwe abwino ambiri ali kumalo odyera ndi kumahotela, kumene kholo liyenera kulipira. Mwana wa pa lendi, amene banja lake likukhala m'chipinda chimodzi pa mdadada wa nyumba zisanu ndi imodzi, bwalo lake ndi msewu.

Katungwe anafuna nzeru za ena. Poyamba ndinaganiza za mitengo ya bulugamu, popeza ndi yosavuta kupeza, koma chiswe cha kuno sichichedwa, ndipo chimadya mkati kusiya kunja kukuoneka kwabwino, mpaka tsiku limene mtengo udzathyoke mwana ali m'mwamba. Anthu ambiri amapaka oyilo wakuda wa galimoto kuti chiswe chithawe, koma amenewo si mankhwala oti azikhudza manja amene posachedwa alowa m'kamwa. Ngakhale mitengo yobiriwira yonyikidwa m'mankhwala kufakitale ili ndi vuto lake: mankhwala otchedwa CCA ali ndi poizoni wa arsenic, ndipo ku America analeka kuwagwiritsa ntchito pa matabwa a pakhomo ndi a zoseweretsa ana kumapeto kwa 2003. Ndinapita kwa bambo wina wowotcherera zitsulo pafupi ndi msika, amene amapanga mageti ndi mafelemu a mawindo. Anandimvetsera mpaka kumaliza, kenako anajambula pansi ndi choko miyendo iwiri yotangadza mbali iliyonse ndi paipi yopingasa pamwamba.

"Paipi ikhale yochindikala, bwana," anatero. "Musaone kulemera kwa mwana wanu yekha. Tsiku lina adzakwerapo atatu, wina ataimirira."

Mawu amenewa anali a munthu wolera ana. Miyendo tinaizika m'maenje akuya n'kuthira konkire, koma konkireyo tinaisiya m'munsi, pamwamba n'kukwirira dothi ndi mchenga, kuti pasakhale chouma choti mwana n'kumenyetsapo mutu. Bungwe la ku America loona za chitetezo cha katundu wogulitsidwa, Consumer Product Safety Commission, limalangiza kuti kutsogolo ndi kumbuyo kwa katungwe kukhale malo opanda kanthu otalika kawiri msinkhu wa paipi ya pamwamba, ndipo m'mbali mukhale pafupifupi mamita awiri. Wathu ndi wa mamita awiri, kutanthauza mamita anayi kutsogolo ndi anayi kumbuyo. Pa puloti ya m'tauni amenewa ndi malo ambiri. Tinachita kumutembenuza kuti aziyenda motsata utali wa bwalo, ndipo chingwe choyanikapo zovala chinasamuka. Pansi pake tinathira mchenga wokwana masentimita 30, chifukwa ana ambiri amene amavulala pa zoseweretsa zotere amavulala pogwera pouma. Mchenga wa pamenepa suchedwa kuthawa, mapazi amaukankha mpaka kutsala kadzenje, ndiye umafuna kubwezeredwa kawirikawiri.

Chingwe cha nayiloni chimafumbutuka ndi dzuwa, choncho tinaika tcheni cha maso ang'onoang'ono moti chala cha mwana sichingalowe, ndipo ngowe zonse mmisiri anazitseka ndi moto. Mpando tinadula ku tayala lakale m'malo mwa thabwa, pakuti thabwa likamenya mwana wodutsa kutsogolo limang'amba. Tinaboola mabowo pansi pake kuti madzi a mvula asamakhalemo n'kuswa udzudzu. Za kutentha tinaziganizira kale posankha malo: m'mwezi wa October chitsulo chokhala padzuwa masana chimawotcha khungu, koma mthunzi wa mango umafika pa katungweyo kuyambira cha m'ma 11 koloko.

Masiku oyamba ana anga awiri anasangalala kwambiri, koma chimwemwecho chinayamba kuzirala msanga. Wamkulu ankatopa kukankha mng'ono wake, ndipo wamng'onoyo analibe mphamvu zomukankha mkulu wake. Akale anati katungwe n'kukankhana, ndipo ana awiri osiyana zaka zinayi sakwanira. Nthawi yomweyo kunsi kwa geti kunayamba kuoneka timapazi tafumbi, ndipo pa kabowo kolowetsera dzanja potsegula loko pankaoneka diso. Ana a pa mdadada wa lendi wa kuseri kwathu anali atamva kulira kwa tcheni.

Apa m'pamene panali funso lenileni, loposa la paipi ndi la mchenga. Kutsegula geti si chinthu chapafupi m'tauni. Mwana wa eni akathyoka mkono pakhomo pako, mlandu ndi wako. Ukamupatsa chakudya n'kudwala m'mimba usiku, mawa dzina lako lili pakamwa pa anthu, ndipo tonse tikudziwa kumene nkhani zotere zimakathera. Palinso mantha amene sitikonda kuwatchula, oti ana osawadziwa adzaona zimene zili m'nyumba n'kukauza akuluakulu. Mantha onsewa ndinali nawo. Amayi anga atabwera kudzacheza kuchokera kumudzi anakhala pa njerwa za m'mphepete mwa mchenga, akuyang'ana adzukulu awo awiri, kenako anayang'ana kugeti. "Mwanawe, enawo alakwa chiyani?" anandifunsa. "Iwe unakulira pa mabwalo a anthu. Unadya nsima m'nyumba zingati m'mudzi muja?"

Tinapita ndi mayi a kunyumba kukaonana ndi makolo a anawo, khomo ndi khomo. Tinawauza kuti abwere adzaone okha malowo, agwedeze paipi, apase mchenga ndi manja awo. Mayi wina wogulitsa mandasi anabwera, anakhala pa katungwe iye mwini n'kudzikankha pang'ono, kenako anati, "Aneba, wanga ndi wopulupudza. Akalakwa mudzudzuleni ngati wanu, musachite kundidikira." Tinapangana zochepa: geti litseguka pokhapokha pakhomo pali munthu wamkulu, aliyense abwerere kwawo dzuwa lisanalowe, palibe kudutsa kutsogolo kwa katungwe wina ali m'mwamba, palibe kuponyerana mchenga kumaso, palibe kumanga chingwe china pa paipi. Lamulo lomalizali ndimalilimbikira kwambiri, chifukwa chingwe cholendewera chikhoza kukola khosi la mwana mwakachetechete, munthu ali pafupi osamva kanthu.

Tsopano ndimakonda kukhala pakhonde la kuseri Loweruka masana n'kumaonerera. Katungwe ali ndi mzere wake ndi milandu yake, amawerengerana mpaka makumi awiri kenako wina atsike, ndipo pamakhala kukangana ngati wowerengayo wathamangitsa manambala. Koma kumene kumakhala ntchito yaikulu ndi kumchenga. Mtsikana wina wa zaka zisanu ndi chimodzi ndiye mayi wa masanje: amatenga chitini cha mkaka, kuthiramo mchenga ndi madzi pang'ono, kuvundula ndi kamtengo atapanira chitinicho ndi mapazi monga amachitira amayi ake ndi poto, kenako kuomolera pa tsamba la mango mitanda yolingana bwino. Ndiwo zake ndi maluwa a bonongwe. Anyamata amalima msewu wa galimoto zawo zawaya kuchokera ku ngodya ina kufika ku inzake, n'kumanga mlatho wa kathabwa, ndipo mlathowo ukagwa amakhala pansi kukambirana chimene chalakwika. Mwana wanga wamng'ono, amene kale ankalira foni ikachotsedwa m'manja mwake, amatha ola lathunthu akudzaza botolo ndi mchenga n'kumakhuthula, osayankhula ndi munthu.

Katswiri wina wa ku Denmark, Carl Theodor Sørensen, anaona kuti ana ankasiya mabwalo okongola amene iye ankakonza n'kukasewera pamalo omangapo nyumba, pamene panali matabwa, njerwa ndi dothi. Maganizo ake ndiwo anabala bwalo la ku Emdrup mu Copenhagen mu 1943, kumene ana ankapatsidwa zipangizo zotsala kuti amange zimene akufuna. Mwana aliyense wa kumudzi kwathu akanamuuza zomwezo. N'chifukwa chake sindinagule zidole zapulasitiki za mumchenga. Pambali pali katoni ya zitini zopinda bwino m'milomo, poto wobooka, zipande zakale, timatabwa topanda misomali ndi zisononkho za chimanga. Anawo apemphanso dongo, akuti mchenga suumbika ng'ombe, ndipo agogo awo alonjeza kubwera nalo la pachulu ulendo wotsatira.

Komabe bwalo la kuseri kwa nyumba imodzi silingakwanire msewu wonse. Pakati pa sabata, ife tikakhala kuntchito, geti limakhala lotseka ndipo anawo amabwerera kumsewu. Ena ochokera kutsidya kwa ngalande sitiwadziwa makolo awo, ndipo timawabweza, chinthu chimene chimandipweteka nthawi iliyonse. Pafupi ndi kiyosiki ya madzi ya m'dera lathu pali kamalo kopanda nyumba, pamene pano anthu amatayapo zinyalala. Ndakambirana kale ndi amfumu a m'dera lathu kuti nkhaniyi ikalowe pa msonkhano wa mwezi wamawa, ndipo afuna ayambe afufuza ngati malowo ali ndi mwini. Mmisiri uja wati felemu ina ya katungwe akhoza kuwotcherera pamtengo wa zitsulo zokha ngati makolo titasonkha. Mayi wa mandasi, amene amagulitsira pafupi pomwepo, wadzipereka kuti azivundikira mchenga madzulo akamaweruka, bola malona tigule awiri kuti lina likang'ambika pasakhale tsiku logona posavundikira.